Kadontho Kofiira M'zithunzi za Ukwati

Mkwatibwi anafika pa situdiyo Lachiwiri m'mawa atanyamula chithunzi chake ngati munthu wobweza nyama yowola. Anachiponya pa tebulo la Kasingano n'kuloza ndi chikhadabo. Pa chipumi pake, pamwamba pa nsidze ya kumanja, panali kadontho kofiira. Anati iye sanakwatiwe ndi chiphuphu, ukwati sabwereza, ndipo ngati situdiyo yayamba kugawira anthu ziphuphu imuuziretu. Kasingano anapepesa, nalonjeza kuti pofika Lachisanu zikhala zitakonzedwa.

Dzina loti Kasingano anamupatsa ndi anzake a pantchito, chifukwa anali mkazi wowonda ndipo akalowa pa chinthu ankatulukira mbali inayo. Iye sankajambula ayi. Kamera ikajambula imasunga chithunzi chachiwisi, mulu wa manambala umene diso la munthu silingawerenge, ndipo pamafunika pulogalamu yoti iphike manambalawo akhale nkhope ndi madiresi. Pulogalamu yochita zimenezo pa situdiyopo, imene ankaitchula kuti laibulale, anailemba yekha, mzere ndi mzere, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye chithunzi chikatuluka ndi chilema, aliyense ankadziwa khomo logogoda.

Koma sabata imeneyo kadontho kanali nkhani yaing'ono. Loweruka masana munthu analowa mu situdiyo n'kutenga malensi onse abwino a makamera, pamodzi ndi madisiki awiri osungira zithunzi za makasitomala a zaka khumi. Chitseko sichinathyoledwe. Makiyi anali atatu. Woyamba unali ndi mwini situdiyo, amene anaswera m'chipatala pambali pa mwana wake wodwala, anamwino onse akumuona. Wachiwiri unali ndi achimwene ake a Kasingano, wojambula wamkulu, amene tsiku lonse anali ku ukwati womwewu. Iwo anapereka kwa apolisi zithunzi zaziwisi mazana asanu ndi limodzi, chilichonse chili ndi nthawi yake ndi nambala ya kamera yawo. Mayi Sajeni anayang'ana nambala ya m'fayilo, anayang'ana nambala ya pansi pa kamera, anaona kuti n'zofanana, basi anakhutira. Kiyi wachitatu unali ndi a Msindikizi, nkhalamba yoyendetsa makina osindikiza zithunzi, ndipo Lolemba apolisi anawatenga n'kuwaika m'chitokosi.

Masana Kasingano anawapititsira mankhwala awo a shuga. Wapolisi wapakhomo anati mankhwala ayenera kudikira chilolezo, nawaponya m'dirowa. A Msindikizi anatuluka opanda nsapato, akutsimphina, chifukwa anaponda msomali wa pa chitseko usiku woyamba. Madala awa ndi amene anamuphunzitsa Kasingano kuona mtundu ali watsopano pantchito, ankamuimika pa windo n'kumufunsa ngati khungu la pa pepala ndi la munthu wamoyo kapena la mtembo. Atawafunsa kumene anali Loweruka, anati anali kwawo akuchapa malaya, ndipo chimwalirireni akazi awo mboni yawo ndi mphaka, koma mphakayo wakana kubwera kudzalemba sitetimenti.

"Usandilirire, mwanangu," anatero. "Sindinabe. Zioneka zokha. Iwe pita ukagwire ntchito yako."

Anabwerera ku tebulo lake mtima ukuwawa, ndipo mkwiyo wonse anautsanulira pa kadontho kaja.

Poyamba anadziimba mlandu yekha, monga amachitira aliyense wolemba mapulogalamu amene ali ndi manyazi. Sabata yapitayo anali atasintha kachigawo kosakaniza mitundu, ndiye anabwezeretsa laibulale yakale n'kuphikanso chithunzicho. Kadontho kanali pompo. Anaganiza kuti mwina khadi la kamera lawonongeka, anakopera mafayilo kachiwiri kuchokera pa khadi losungira. Pompo. Anayesa pa kompyuta ina, anazimitsa chonolera m'mphepete, anazimitsa chosalaza chithunzi, mpaka maso anayamba kuyabwa. Kadontho sikanasunthe ngakhale pang'ono. Pa chithunzi china kanagwera pa tayi ya mkwati, pa china pa keke, pa china m'mwamba mopanda kanthu, koma nthawi zonse pa malo amodzi a felemu, kumtunda chakumanja.

Chinthu chosasuntha chotere sichichokera m'pulogalamu, chimachokera m'kamera. Mkati mwa kamera muli sensa, kagalasi kokhala ndi timaso mamiliyoni tolandira kuwala, ndipo kamera ikamakalamba timaso tina timafa n'kumangotulutsa kufiira. Kasingano ankazidziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake kamera iliyonse ya pa situdiyo anaijambulira mapu a timaso take takufa. Laibulale inkawerenga nambala ya kamera m'fayilo, n'kutenga mapu ake, n'kumata malo akufawo ndi mtundu wa timaso toyandikana nato. Kamera ya achimwene inali ndi timaso titatu takufa, tonse kumunsi chakumanzere. Anaganiza kuti basi kafanso kena, nkhani yatha, angowonjezera pa mapu.

Asanawonjezere, chizolowezi chinamukoka kuti ayambe waona pamene kasoko kanafera. Anauza kompyuta iwerenge malo amenewo pa zithunzi zonse. Zithunzi mazana awiri zoyamba, za mu tchalitchi, zinali zoyera. Kuyambira mphindi makumi awiri isanakwane thuu koloko, kadontho kanayamba. Itatsala pang'ono kukwana folo, kanasowa, ndipo zithunzi zomaliza zinalinso zoyera.

Kasingano anawerenganso nthawizo. Kaso ka kamera kakafa kafa, sikauka patapita maola awiri.

*

Lachitatu m'mawa anatsegula manambala aawisi enieniwo, osaphika, n'kupita kumunsi chakumanzere. Pa zithunzi za mu tchalitchi timaso titatu tija tinali takufa monga mwa masiku onse. Pa zithunzi za pakati tinali tamoyo, tikuona bwinobwino, ndipo laibulale yake yomvera ija inkangomata pamalo popanda bala. Laibulale sinalakwe. Inauzidwa nambala, inakhulupirira.

Anatuluka kukapuma mpweya, n'kupezeka waima pa khomo la wometa amene shopu yake inagundizana ndi situdiyo. Wometayo anali munthu woti ukamufunsa nthawi amayambira pa tsiku limene anagula wotchi. Anati zonse anauza kale apolisi, koma apolisi a masiku ano amalemba ndi dzanja limodzi lina lili pa foni. Chitseko chachitsulo cha situdiyo, anati, chimalira ngati bulu, ndipo Loweruka chinalira kawiri. Koyamba anali atangopaka thovu bambo wa ku famase uja, amene amabwera hafu pasiti thuu sabata iliyonse ngakhale kugwe mvula ya matalala. Kachiwiri anali akusesa tsitsi la munthu wachitatu pambuyo pake, tinene kuti cha m'ma hafu pasiti firii. Kusuzumira sanasuzumire, chifukwa munthu amene wagwira lumo pa khosi la mnzake satembenuka, ndipo wotsegulayo anatsegula mosavutika, ngati mwini khomo.

Atabwerera mkati anaimbira mkwatibwi, namufunsa amene ankajambula pa madyerero. Mkwatibwi anati tsiku limenelo nsapato zinkamuluma moti sakanazindikira ngakhale mayi ake omubala. Wojambula analipo, kuwala kunkang'anima, n'zimene akudziwa. Kenako anakumbukira kuti pa keke panali kamayi kena kofatsa kamene kanamuuza kuti atsitse chibwano, koma ankayesa kuti n'kothandizira kunyamula zikwama. Anamaliza ndi kufunsa ngati chiphuphu chake chachoka.

Kasingano anayalanso zithunzi za pakati zija pa sikirini, ulendo uno osayang'ana manambala, kuyang'ana monga a Msindikizi anamuphunzitsira. Achimwene anali aatali, zithunzi zawo zinkaonetsa mipata ya tsitsi ndi madazi a azibambo. Izi zinkaonetsa zibwano ndi mphuno za m'munsi. Wojambulayo anali wamfupi.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo anazengereza nacho mpaka tiyi wake anazizira. M'kompyuta yake munali mapu akale, a makamera amene anasiya kugwira ntchito. Anauza laibulale iyese mapu onse, amodziamodzi, pa chithunzi cha chipumi chija. Pa mapu achisanu ndi chiwiri kadontho kanazimiririka, khungu la mkwatibwi linasalala. Anawerenga dzina la mapuwo ngakhale ankalidziwa kale. Bambo awo, amene analinso wojambula, anagula makamera awiri amapasa tsiku limodzi. Atamwalira, achimwene anatenga onse awiri, ndipo patapita chaka anauza banja kuti imodzi inagwa m'madzi, yafa, anaitaya.

Mapu amene anachotsa kadontho anali a kamera imeneyo, oyamba amene Kasingano anajambula m'moyo wake, bambo ali chiimire kumbuyo kwake.

*

Kasingano anapita kunyumba kwa achimwene n'kupeza mlamu wake akusita. Anali mkazi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene pa zaka khumi za banja Kasingano sanamumvepo akumaliza chiganizo mwamuna wake ali pomwepo. Ataona nkhope ya mlendo wake anaimika simbi, napukuta manja pa chitenje ngakhale anali ouma.

Kasingano sanazungulire. Anamuuza kuti zithunzi za pa keke n'zokongola, kuposa za mu tchalitchi, ndipo anafunsa kuti anaphunzira liti. Mlamuyo anayang'ana pansi. Anati ankaphunzira yekha masana, pa ana ndi pa nkhuku za aneba, ndi kamera imene inkakhala pamwamba pa wadiropu. Loweruka abambo a kunyumba anamuuza kuti agwirizire pang'ono, akukatenga mabatire. Anabwera patapita maola awiri, malaya atanyowa ndi thukuta. Lamlungu anaswera pa kompyuta atatseka chitseko, akusintha mayina ndi manambala a mafayilo.

"Anati palibe angadziwe," anatero mlamuyo. "Anati makamerawo ndi amodzi."

"Kunja ndi amodzi."

"Alamu, ndili ndi ana atatu."

Anatenganso simbi n'kuiika pa kolala ya shati ya mwamuna wake. Kasingano anaima pang'ono, akumva fungo la nsalu yotentha, kenako anatuluka osatsanzika. Polisi inali mphindi khumi kuchokera pamenepo. Iye anakhotera kumanzere, njira ya kwawo.

*

Lachinayi achimwene anamuitana, osati ku situdiyo, koma ku shopu ina ya kuseri kwa msika imene Kasingano sankaidziwa. Makoma anali atangopakidwa penti yoyera, pansi pali manyuzipepala, ndipo pa ngodya panali makatoni awiri ofundidwa ndi nsalu yakuda yojambulira. Sanavutike n'komwe kuwabisa.

Sanakane kanthu. Anayankhula akuyendayenda, manja m'matumba, ngati munthu amene wachita kuchimwiridwa. Anati zaka khumi ndi zisanu akhala akukwawa m'maukwati a anthu, kugwada m'matope, kumwetulira zidakwa, koma pa chikwangwani pali dzina la munthu amene sadziwa ngakhale kumene batire limalowera. Makasitomala a m'madisikiwo ndi awo, nkhope iliyonse anaijambula ndi iwo, ndiye munthu angabe bwanji thukuta lake lomwe? Za a Msindikizi anati zinangochitika, sanaganize kuti apolisi angatenge nkhalamba, koma umboni palibe, akhalamo sabata imodzi kapena ziwiri n'kutuluka, ndipo situdiyo yatsopanoyi ikatsegulidwa adzawalemba ntchito ndi iwo.

Kasingano anawauza kuti madalawo akudwala shuga ndipo mankhwala awo ali m'dirowa ya wapakhomo. Achimwene anati aliyense akudwala kenakake.

Chimene chinamupweteka kwambiri Kasingano n'choti achimwene sanamvetsebe chimene chinawagwira. Anafunsa kawiri kuti zatheka bwanji, popeza nambala anasintha pa fayilo iliyonse, anaonetsetsa. Zaka zisanu ndi chimodzi akhala akudya za laibulale yake, zithunzi zawo zikutuluka zosalala, ndipo kangapo konse anawafotokozera za mapu a timaso takufa iwo akuyasamula n'kumati zimenezo n'za ana a sukulu. Akanamvetsera ngakhale kamodzi, bwenzi pano akuseka.

"Ndiye ndi iwe wekha ukudziwa," anatero pomaliza.

"Ndi alamu."

"Ameneyo musiye. Iwe konza pulogalamu yakoyo. Kadonthoko kachoke, mkwatibwi atenge zithunzi zake, basi. Si ntchito yako imeneyo? Ndi mizere ingati?"

"Umodzi."

"Umodzi. Ndiye ukufuna kumangitsa mwana wa mayi ako chifukwa cha mzere umodzi?"

Asanafike pa situdiyo foni inalira. Anali mayi awo, amene achimwene anali atawafikira kale. Sanafunse ngati n'zoona. Anati chibale ndi fupa sichiwola, anati mwamuna anaika kale m'manda ndipo mwana wamwamuna ali naye mmodzi, anati nkhalamba ija ndi yabwino inde koma si ya pa mchombo pawo. Anati ngati Kasingano apita ku polisi, ayambe wadzatenga zovala zake zimene zinatsala kunyumba, chifukwa sadzakhalanso ndi chobwerera.

Ndipo Kasingano, tisamukometsere, anaulemba mzere uja. Anauza laibulale kuti zithunzi za pakati pa ukwatiwo izimate ndi mapu akale. Zinatenga mphindi zitatu. Zithunzi zinatuluka zoyera ngati sizinadwalepo, ndipo anazisindikiza yekha pa makina a a Msindikizi, atakhala pa mpando wawo umene unali utapindika motsatira msana wawo. Ankadziuza kuti mwina mawa awatulutsa okha, mwina Sajeni atopa nawo. Anadzida tsiku lonselo, koma kudzida sikunamuimitse pa mpandopo.

*

Lachisanu m'mawa mkwatibwi anabwera, anayang'ana chipumi chake, anati tsopano ndiye zaoneka zaulemu. Atangotuluka, wometa anasuzumira pa khomo lumo lili m'manja. Ulendo uno sanayambire patali. Anati a Msindikizi akomoka m'chitokosi, awatengera ku chipatala pa galimoto ya polisi.

Kasingano anafufuta mzere uja. Anasindikiza chithunzi chimodzi kawiri, china ndi mapu a achimwene, china ndi mapu a kamera yakale, anatenga laputopu n'kupita ku polisi.

Mayi Sajeni anamvetsera akutafuna chivundikiro cha bolopeni. Anati za timaso takufazo sakuzimva bwino, ndipo khoti silikonda zinthu zosaoneka. Kasingano anati akatenge kamera imene ili pamwamba pa wadiropu ku nyumba ya achimwene ake, aivundikire kutsogolo, ajambule mdima, ndipo kadontho kofiira katuluka pa malo omwewo pamaso pa aliyense. Akatero akafunse makatoni awiri ku shopu ya penti yatsopano kuseri kwa msika. Sajeni analavula chivundikiro chija.

"Mukudziwa kuti amene mukunenayu ndi mlongo wanu?"

"Ndikudziwa."

"Ena amabwera kuno kudzabisa abale awo. Sindikudziwa kuti ndikuyamikireni kapena ndikumvereni chisoni." Anaitana galimoto.

Pofika masana zonse zinali zitatha. Achimwene anadutsa pa bwalo la polisi pakati pa apolisi awiri osamuyang'ana n'komwe. Mlamu anakhala pa benchi mwana ali kumsana, akulemba sitetimenti pang'onopang'ono. Foni yochokera kwa mayi inalira kamodzi, n'kuduka Kasingano asanayankhe, ndipo sinalirenso. Wapakhomo anatsegula dirowa n'kumubwezera mankhwala aja ali chimangire.

Ku chipatala anapeza unyolo utachotsedwa kale pa bedi. A Msindikizi anali chagada, botolo la madzi likudontha m'mkono, phazi lamanzere litakulungidwa mpaka m'bondo. Namwino anali atamunong'oneza pa khomo kuti bala la msomali lija linalowa mkati, shuga anakwera mopanda womuletsa, ndipo mawa adokotala adula mwendowo, akungokambirana kuti adulire pati.

Anawafotokozera zonse, za mapu, za makamera amapasa, za zibwano. Anamvetsera maso ali kudenga, ndipo pa zibwanopo anagwedeza mutu pang'ono, monga ankachitira pepala likatuluka bwino. M'chipinda china mwana ankalira.

"Mkwatibwi anabwera Lachiwiri," anatero a Msindikizi.

"Eya."

"Ine ndimakudziwa iwe. Vuto ngati limeneli sugona nalo kawiri. Unadziwa liti?"

Akanatha kunama. Palibe akanamutsutsa.

"Lachitatu. Cha m'ma leveni."

A Msindikizi anatseka maso, milomo ikuyenda ngati akuwerenga masiku.

"Lachitatu ndinali ndikuyendabe," anatero.

Anatembenukira kukhoma pang'onopang'ono, akusamala mkono wa botolo. Kasingano anakhalabe pa mpando, mankhwala ali pamiyendo, mpaka namwino anabwera kudzanena kuti nthawi yoona odwala yatha.